Kafukufuku wa zolera m'magazini ya yunivesite ya Katolika

Wowerenga wina, amene ali m'chaka chomaliza pa Catholic University of America mumzinda wa Washington, wanditumizira imelo. Akuti anacheza ndi ophunzira anzake kuti amve maganizo awo pa njira zamakono zolera, ndipo mphunzitsi wake wamulimbikitsa kutumiza zimene wapeza ku Inventio, magazini ya kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba pa sukuluyo. Akuopa kuti akonzi adzaikankhira kumbali ntchitoyo poti ikukhudza nkhani imene Mpingo suisekerera.

Mantha anuwo, m'bale wanga, ali ndi gwero lake. Mu 1968 Papa Paul VI anatulutsa kalata ya Humanae Vitae yoletsa njira zolera zosakhala zachilengedwe, ndipo wansembe amene anatsogolera akatswiri otsutsa kalatayo, Charles Curran, ankaphunzitsa pa sukulu yanu yomweyo mpaka Vatican itagamula mu 1986 kuti sayeneranso kuphunzitsa zaumulungu za Chikatolika. Komabe muzindikire kuti Curran ankatsutsa chiphunzitso chimene anapatsidwa udindo wochiphunzitsa, pomwe inu mukungofotokoza zimene anthu anakuuzani. Chikalata cha Papa John Paul II cha 1990, Ex corde Ecclesiae, chimavomereza ufulu wochita kafukufuku m'mayunivesite a Katolika, malinga ngati ufuluwo sukudumpha malire a choonadi ndi ubwino wa anthu onse. Kulemba kuti ena mwa amene munacheza nawo amamwa mapiritsi olera si kulimbana ndi Mpingo ayi. Pamene mungapunthwe ndi m'ndime zomaliza, mukasiya kufotokoza zimene mwapeza n'kuyamba kuweruza kuti wolakwa ndani, ndipotu zimenezo mkonzi wa magazini iliyonse ya kafukufuku angazikane.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china chomwe simunachitchule n'komwe. Ku America, kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuyamba wadutsa ku komiti ya yunivesite yoteteza ofunsidwa, yotchedwa IRB, ndipo chilolezo chake chimapemphedwa munthu asanafunse funso ngakhale limodzi. Ntchito ya m'kalasi yongofuna malikesi nthawi zambiri imaloledwa popanda chilolezocho, koma mukati muisindikize nkhani imasintha, ndipo makomiti amenewa savomereza zinthu zochitika kale. Ngati simunadutseko, kaonaneni ndi mphunzitsi wanu musanatumize chilichonse.

Kuchotsa mayina pakokha sikukwanira. Mukalemba kuti mawu akutiakuti ananena ndi mtsikana wa chaka chachitatu, wochokera ku Africa, woimba kwaya pa Misa ya Lamulungu madzulo, ndiye kuti mwamuloza ndi chala, chifukwa owerenga magaziniyo ndi anzake omwe amadya nawo limodzi, ndipo pa nkhani ngati imeneyi manyazi ake angamutsatire mpaka kwa makolo ake.

Ngati mukulingalira zodzapitiriza kafukufuku yemweyu pa digiri yachiwiri, dziwaninso kuti magazini akuluakulu ambiri salandira ntchito imene inatuluka kale kwina, ngakhale m'magazini ya ophunzira, makamaka ikakhala pa intaneti. Musanasaine pepala lililonse, funsani akonzi kuti umwini wa zolembazo ukhala m'manja mwa ndani, ndipo mugwirizane ndi mphunzitsi wanu za gawo limene mungatulutse tsopano ndi limene muyenera kusunga.