Za BuildConfig ndi local.properties, ine ndinapsa nazo kale

Achimwene, mwafunsa mmene mungapititsire adiresi ya seva kuchokera ku Gradle (chida chomangira pulogalamu ya Android) kukafika mu khodi. Njira yake ndi buildConfigField, lamulo loika adiresiyo mu BuildConfig (kalasi imene Gradle imapanga kuti khodi iziwerengamo), koma chenjerani ndi amene akukulangizani kuti mungoika zonse mu local.properties, fayilo ya makonzedwe imene imakhala pa kompyuta ya munthu mmodzi yekha. Ndinalandira pulojekiti kwa munthu wina amene anasiya ntchito mwadzidzidzi, ndipo iyeyo ankasunga adiresi ya seva yeniyeni ndi kiyi ya API (kiyi yolola pulogalamu kulumikizana ndi seva) mu fayilo imeneyo, yomwe siilowa mu Git, mosungira khodi ya timu yonse. Choipitsitsa n'chakuti mu build.gradle, fayilo ya malangizo a Gradle, analemba kuti adiresi ikasowa, pulogalamu izilumikizana ndi seva yoyeserera, popanda chenjezo lililonse.

Release (pulogalamu yopita kwa makasitomala) inatuluka bwinobwino pa kompyuta yanga, yomwe inalibe adiresiyo, inakwera pa Play Store, ndipo makasitomala anayamba kulembetsa. M'mawa mwake foni ya ku ofesi sinapume kulira, chifukwa database ya seva yoyesererayo inkafufutidwa usiku uliwonse, moti aliyense amene analembetsa dzulo lake ankauzidwa kuti alibe akaunti. Abwana anaima kumbuyo kwa mpando wanga manja ali m'chiuno, ine thukuta lili kamukamu, ndikufufuza mu khodi imene inalibe vuto looneka. Mwini wake wa chisokonezocho ndinamuimbira koma sanayankhe, pa WhatsApp ankangowerenga mauthenga n'kukhala chete, ndipo mpaka lero sanapepese. Adiresi ndi kiyi ndinazipeza potsegula APK yakale (fayilo ya pulogalamu yoikidwa pa foni) ndi jadx, chida choonetsa khodi ya m'kati mwake, zili poyera, umboni woti chilichonse cholowa mu BuildConfig aliyense angathe kuchiwerenga.

Inuyo lembani buildConfigField pawiri, ina mu debug (pulogalamu yoyeserera) ndi ina mu release, ndipo mulembe kuti mtengo (value) wofunika, monga adiresiyo, ukasowa Gradle iime ndi uthenga womveka m'malo mosankha yokha. Kuyambira Android Gradle Plugin 8.0, yomwe inatuluka mu 2023, kalasi ya BuildConfig siipangidwa yokha, choncho muyenera kuika buildConfig = true mkati mwa buildFeatures. Kumbukiraninso kuti mtengo wa String umafuna ma quote ake m'kati mwa ma quote akunja, apo ayi khodi yopangidwayo ikana kugwira ntchito.

Kiyi ya API ikanibe mu local.properties yomweyo kuti isalowe mu Git, ine ndimachitabe zimenezo, koma anzanu a mu timu muwapatse kope lake lero lomwe, ndipo kiyi yokhudza ndalama ikhale pa seva basi.