Ndalama ya pamwezi ya condo: amaiganiza ndani, ndipo imapita kuti?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino watilembera imelo ali ku America. Akuti apeza condo ya zipinda ziwiri m'nyumba yosanjikizana ya mabanja 40, koma awauza kuti kupatula kubweza ngongole ku banki, azilipiranso $500 mwezi uliwonse ku bungwe la eni nyumba. Akufunsa kuti: "Kodi bungweli ndi la ndani, nanga amene amanena kuti ndalamayo ikhale $500 ndi ndani? Pafupi pomwepo pali condo ina imene amalipira $280 yokha. Ndisangogula imeneyo kodi?"

Zikomo mayi pofunsa musanasaine chilichonse. Bungwelo ndi lanu lomwe. Mukagula condo mumakhala kuti mwagula zinthu ziwiri: malo a m'kati mwa makoma anu, amene ndi anuanu, komanso gawo la zinthu za onse monga malo amene nyumbayo yaimapo, maziko, denga, makoma akunja, masitepe, chikepe ndi mapaipi akuluakulu. Tsiku lomwe umwini walembedwa m'dzina lanu mwalowa kale m'bungwe, ndipo simungatulukemo pokhapokha mutagulitsa. Palinso zinthu zina monga khonde kapena poimika galimoto yanu, zimene mumagwiritsa ntchito inu nokha koma zili m'gulu la zinthu za onse. Mikangano yambiri imabukira pamenepa, chifukwa khonde likayamba kudontha aliyense amaloza mnzake kuti ndiye akonze.

Yankho la mikangano yotere limapezeka m'zikalata. Pamwamba pa zonse pali malamulo a chigawo chimene nyumbayo ili, monga Davis-Stirling Act ya 1985 ku California. Kenako pamabwera chikalata chokhazikitsa condo, chimene amachitcha declaration, ndipo chimalembetsedwa ku ofesi yosunga zikalata za malo. Ndicho chimanena malire a nyumba yanu, gawo lanu pa zinthu za onse, ndi amene ayenera kukonza chiyani. Kuchisintha sikophweka: m'zigawo zambiri pamafunika mavoti 67 peresenti ya eni nyumba onse. Pansi pake pali malamulo oyendetsera bungwe, onena za zisankho ndi misonkhano. Omalizira ndi malamulo a tsiku ndi tsiku okhudza phokoso, ziweto ndi zinyalala, amene komiti ingathe kuwasintha payokha. Zikalatazi zikatsutsana, chapamwamba ndicho chimatsatidwa.

Komitiyo imasankhidwa ndi eni nyumba pa msonkhano wa pachaka. Kawirikawiri imakhala ya anthu atatu, asanu kapena asanu ndi awiri, ongodzipereka osalandira malipiro, ndipo iwo amasankhana okha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Mabungwe ambiri amalemba ganyu kampani yoti izitolera ndalama, kulipira mabilu ndi kuitana amisiri, koma kampaniyo ndi yantchito chabe. Mphamvu zili ndi komiti. Ngati nyumbayo ndi yatsopano, dziwani kuti poyamba komiti imakhala m'manja mwa amene anaimanga, mpaka atagulitsa nyumba zambiri, nthawi zambiri 75 peresenti. Pa nthawi imeneyo ndalama ya pamwezi imakonda kuikidwa yotsika kuti ogula akopeke, ndipo eni nyumba akatenga ulamuliro amapeza kuti sikukwanira.

Tsopano $500 yanuyo. Chaka chilichonse komiti imakonza bajeti: inshuwalansi ya nyumba yonse, madzi, magetsi a m'makonde, kutaya zinyalala, kusesa, kusamalira chikepe, malipiro a kampani ija, akauntanti ndi loya. Tiyerekeze kuti zonse zakwana $240,000. Ngati nyumba zonse 40 ndi zofanana, gawo lanu ndi 2.5 peresenti, kutanthauza $6,000 pa chaka, kapena kuti $500 pa mwezi. Kumene nyumba zimasiyana kukula, wa yaikulu amalipira zambiri malinga ndi gawo lolembedwa mu declaration. Palibe amene amapezapo phindu. Ndi mabilu anu omwe, mwangowaika pamodzi. Zigawo zina zinaika malire: ku California komiti singakweze ndalama ya pamwezi kupitirira 20 peresenti pa chaka popanda voti ya eni nyumba.

Mbali imene tikufuna muimvetse kwambiri ndi iyi. Bajeti yabwino imakhala ndi matumba awiri. Loyamba ndi la zolipira za chaka chomwecho. Lachiwiri ndi losungira zinthu zikuluzikulu zimene zidzathe mtsogolo, monga denga, chikepe, penti wakunja, mapaipi ndi phula la poimika magalimoto. Katswiri amayendera nyumbayo, kulemba chinthu chilichonse, zaka zimene chatsala nazo ndi mtengo wochisinthira, kenako kuwerengera ndalama yoyenera kusungidwa chaka ndi chaka. Lipoti lake limatchedwa reserve study. Tengani denga la $300,000 lokhala zaka 20. Kulisungira ndi $15,000 pa chaka, ndipo mukagawa pa mabanja 40 aliyense amapereka pafupifupi $31 pa mwezi, ndalama yosapweteka. Koma eni nyumba akamakana kusunga chaka ndi chaka poopa kukwera kwa ndalama ya pamwezi, denga silidikira. Likadzayamba kudontha, komiti imalamula kusonkha kwapadera, ndipo aliyense amalandira kalata yoti apereke $7,500 pa miyezi yochepa. Amene wagula mwezi wathawu amalipira chimodzimodzi ndi amene wakhala pansi pa dengalo zaka 19. Akatswiri amati thumba limene lili ndi 70 peresenti kapena kuposerapo ya ndalama imene limayenera kukhala nayo ndi lolimba, pamene losafika 30 peresenti ndi lofooka, ndipo kusonkha kwapadera kumakhala kuli pakhomo.

Kuzengereza kotere kumafika poopsa. Nyumba ya Champlain Towers South ku Surfside, m'chigawo cha Florida, inamangidwa mu 1981 ndipo inali ndi ma condo 136. Mu 2018 injiniya analemba lipoti losonyeza kuti konkire wa pansi pa bwalo la dziwe losambiramo waonongeka kwambiri chifukwa cha madzi olowerera. Thumba losungira linali ndi ndalama zosakwana $1 miliyoni, zokambirana zinatenga zaka, ndipo mtengo wa ntchito unkakwererakwerera. Pofika mu 2021 bungwe linavomereza kusonkha kwapadera kwa $15 miliyoni, moti wa chipinda chimodzi ankayenera kupereka pafupifupi $80,000. Pa 24 June 2021 mbali ya nyumbayo inagwa ndipo anthu 98 anamwalira. Mu 2022 Florida inakhazikitsa lamulo loti nyumba za nsanjika zitatu kapena kuposa ziziyenderedwa ndi injiniya zikafika zaka 30, kenako zaka 10 zilizonse, ndiponso kuti eni nyumba asamavoterenso kusiya kusungira ndalama zinthu zogwira nyumba monga maziko ndi denga.

Nanga wina akapanda kulipira? Bungwe limayamba ndi chindapusa ndi chiwongola dzanja, kenako limalembetsa nyumba yake ngati chikole cha ngongoleyo, ndipo zikafika poipa lingathe kuigulitsa. Ku California zimenezi zimatheka ngongole ikafika $1,800 kapena ikapitirira miyezi 12. Musadzasiye kulipira chifukwa chokwiya ndi komiti, pakuti makhoti kawirikawiri amaona dandaulo lanu ndi ngongole yanu ngati nkhani ziwiri zosiyana. Kusalipira kwa ena kumakukhudzaninso. Fannie Mae, imene imagula ngongole zambiri za nyumba ku mabanki, sivomera condo ngati nyumba zoposa 15 peresenti zatsalira kulipira kwa masiku 60 kapena kuposa. Zikatero ogula amavutika kupeza ngongole, ndipo mitengo ya nyumba zonse imatsika, yanunso yomwe.

Inshuwalansi ya bungwe imateteza nyumba yonse ndi zinthu za onse. Katundu wanu, komanso nthawi zina makabati ndi matailosi a m'kati, zimafuna inshuwalansi yanuyanu yotchedwa HO-6.

Choncho musanasankhe pakati pa $500 ndi $280, pemphani zikalata zofanana ku mabungwe onse awiri: declaration ndi malamulo ake, bajeti ya chaka chino, reserve study yaposachedwa, ndalama zimene zili m'thumba losungira lero, ndi maminitsi a misonkhano ya komiti a chaka chathunthu. Maminitsiwo muwawerenge modekha, chifukwa ndi mmene mumapezeka nkhani za chikepe choonongeka pafupipafupi, ming'alu ya m'makoma, milandu ya kukhoti ndi kusonkha kwapadera kumene akukukambirana koma sanakuvotere. Funsaninso kuti ndalama ya pamwezi yakwera kangati pa zaka zisanu zapitazi. Ngati sinakwerepo pamene inshuwalansi ndi amisiri akukwera mtengo, pali china chimene sichikulipiridwa. Mwina $280 ndi yoona chifukwa nyumbayo ilibe chikepe kapena madzi aliyense amalipira yekha. Koma mukapeza kuti denga lake latha zaka 18 ndipo m'thumba losungira muli ndalama zochepa, werengerani gawo lanu la denga latsopano, muliwonjezere pa mtengo wogulira, ndiyeno muyerekeze nyumba ziwirizo.