Kodi chabwino ndi choipa chingakhalepo popanda kukhulupirira Mulungu?

Achimwene, mwafunsa kuti munthu wosakhulupirira Mulungu angaime pati ponena kuti kupha kapena kuzunza mwana ndi kulakwa ndithu, osati maganizo ake chabe. Ine ndine wopemphera, komabe ndikuti angathe, ndipo zimandipweteka tikamalankhula ngati anzathu osapembedza alibe chikumbumtima.

Funso limeneli si lalero. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Plato, katswiri wa nzeru wa ku Athens ku Greece, analemba za mphunzitsi wake Socrates akufunsa munthu wina dzina lake Euthyphro ngati chinthu chimakhala choyera chifukwa milungu yachikonda, kapena milunguyo imachikonda chifukwa ndi choyera kale. Mukasankha choyambacho, ndiye kuti Mulungu atalamula mawa kuti tizilanda minda ya ana amasiye, kulandako kwasanduka chilungamo. Palibe Mkhristu kapena Msilamu angavomere. Tonse timathamangira kunena kuti Mulungu sangalamule zoipa zotere. Koma ponena choncho tasonyeza kale kuti kuipako tikukudziwa tisanamve lamulo.

Akatswiri a zaumulungu amayankha kuti ubwino ndi chikhalidwe cha Mulungu mwini, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Ngakhale zili choncho, munthu safunika kuyamba wakhulupirira kuti auone ubwinowo. Paulo yemwe, pa Aroma 2:14-15, akuti anthu a mitundu ina amene alibe chilamulo amachita mwachibadwa zimene chilamulo chimafuna, chifukwa zinalembedwa m'mitima mwawo.

Taonani zimene zinachitika ku South Africa. Kwa zaka zambiri mpingo wa Dutch Reformed wa azungu unkateteza tsankho la apartheid, losiyanitsa anthu potengera khungu, pogwiritsa ntchito Baibulo. Mu 1982, ku Ottawa, bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linagamula kuti chiphunzitso chimenecho ndi chonyenga, n'kuimitsa mpingowo, ndipo linasankha Allan Boesak, m'busa wa ku South Africa wotsutsa tsankholo, kukhala mtsogoleri wa bungweli. Mbali zonse ziwiri zinkapemphera kwa Mulungu mmodzi, zinkawerenga buku limodzi. Nthawi yomweyo Joe Slovo, wachikomyunizimu wosakhulupirira Mulungu, anali ataona kale kuipa kwa tsankholo. Ndiye chinawalekanitsa si chikhulupiriro ayi. Ena anayang'ana munthu wothamangitsidwa pa malo a makolo ake n'kuvomereza kuti akumva kuwawa ngati iwo, ena anatseka maso. Kuwawa kwa munthu ameneyo sikunkadikira kuti wina avote. Kunalipo, ndipo kumuchitira zimenezo kunali kulakwa ngakhale boma ndi abusa ankati n'kololedwa.

Abuda, otsatira chipembedzo cha Buddha, a ku Sri Lanka ndi Thailand saphunzitsa za Mlengi, koma amaletsa kupha, kuba ndi kunama. Chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe cha 1948 sichitchula Mulungu. Dziko la Brazil linapempha kuti atchulidwe, nthumwi ya China, Peng Chun Chang, inakana, ndipo pempholo linachotsedwa. Komabe anthu a zipembedzo zosiyana ndi osapembedza anagwirizana kuti ukapolo ndi kuzunza anthu n'zoletsedwa.

Pamene ndikuona kuti wosakhulupirira ali ndi vuto lenileni ndi pa nkhani ya chiweruzo. Wankhanza amene wafera pabedi lake, olira ake osapepesedwa, adzayankha kwa yani? Pamenepo ine ndimatsamira pa Mulungu. Koma limenelo ndi funso la amene adzalange choipa, pomwe inu munafunsa ngati choipacho chilipo.