Voice note kwa asisi, za mtsikana wa pansi pa mlatho uja

Ee asisi, mwadzuka bwanji, funso lanu mu gulupu muja ndaliona m'mawa uno, ndiye ndati ndingojambula mawu chifukwa yankho lake ndi lalitaliko. Mwafunsa kuti mtsikana wa m'nkhani ndikulemba ija bwanji osangothawa naye mnyamatayo poti akukondana, n'kuzisiya zolondera chipata zija, komanso mwati kodi zimenezi si zaufiti. Ndiyambe ndi lachiwirilo.

Nkhani zamtunduwu azungu amazitcha urban fantasy, kutanthauza kuti zodabwitsazo sizikuchitika kalekale kwa mafumu ndi malupanga ayi, zikuchitika mutauni ya lero lomwe, muli mabasi, mafoni, lendi, munthu akuthamangira kuntchito koma kuseri kwa khoma kuli dziko lina lomwe anzake sakuliona. Sizophunzitsa munthu kutamba, ndi nthano basi, kungoti yavala zovala zamakono. Zinayamba kumveka kwambiri m'ma 1980, Emma Bull anatulutsa buku mu 1987 loti mtsikana woimba gitala mu bandi ku Minneapolis ku America akukokeredwa mu nkhondo ya zolengedwa zosaoneka. Kenako kunabwera Buffy pa TV, kuyambira 1997 mpaka 2003, ndipo pamenepo ndi pomwe ine mtima unagwidwa. Kumapeto kwa sizoni yachiwiri, mu 1998, mtsikanayo, Buffy mwini wake, akumubaya Angel ndi lupanga, munthu amene amamukonda, pa nthawi yomwe wangobwerera kumene kukhala wabwino, chifukwa khomo lomeza dziko linali litayamba kale kutseguka ndipo chotsekera chake chinali magazi a Angel yemweyo. Ndinalira asisi, ndinalira zenizeni.

Ndiye tibwere kwa wangayu. Mwina simunafike pomwe ndafotokoza, koma iye uja ndi nesi wa naiti ku wodi ya ana, ndipo kiyi wa chipata cha pansi pa mlatho anamusiyira ndi mayi ake akumwalira. Usiku uliwonse pa buleki amatuluka ndi yunifomu yake yomweyo, kutsika masitepe onyowa aja, n'kukatseka. Kiyiyo amatentha, m'chikhatho mwake muli chipsera chozungulira chomwe amanamiza anzake kuti anapsa ndi ketulo. Akangojomba usiku umodzi, zolengedwa zakuseri kwa chipatako zimalowa n'kuyamba kumwa mpweya wa anthu ali mtulo, ndipo oyamba kupita ndi ofooka, ndiye kuti ana omwe aja amawayeza kutentha thupi, amawadziwa mayina, wina amamugwira chala kuti agone. Nanga athawe bwanji pamenepa? Athawire kuti komwe sakamva kulira kwa amayi a anawo?

Koma mbali inayi nayonso si yopepuka, ndipo apa ndi pomwe ndinavutika kwambiri polemba. Mnyamatayo ndi wakuseriko, anatsalira kuno, ndipo chipata chikatsekedwa iye amachepa mphamvu pang'onopang'ono ngati kandulo. Poyamba ndinamulemba ngati wachinyengo, woti akungofuna kiyi, koma nditawerenganso ndinaona kuti ndamuphweketsera mtsikanayo, chifukwa kusiya munthu woipa aliyense angathe, palibe chong'amba mtima pamenepo. Ndinafufuta machaputala atatu n'kuyambiranso. Pano ndi munthu wabwino, amamudikira pa siteji ya basi m'bandakucha atanyamula juzi yake, manja ali zii kuzizira, pansi pa getsi la mumsewu chithunzithunzi chake chikuchita kuzilala tsiku ndi tsiku, koma sanamupemphepo ngakhale kamodzi kuti usatseke. Ndipo zimenezo ndi zomwe zikumupweteka kwambiri mtsikanayo, bola akanapempha, akanapeza pomukwiyira.

Mabuku ena amtunduwu amandikhumudwitsa pamenepa, kumapeto kumangotulukira kanjira kachidule, mwina mphete yamatsenga kapena nkhalamba yodziwa zonse, basi chikondi wapeza, mzinda wapulumuka, palibe chomwe walipira. Ine sindikufuna zimenezo. Ngati ndamuuza wowerenga masamba onsewa kuti zinthu ziwirizi sizingayendere limodzi, ndisamunamize pomaliza.

Ndiye asisi, kufunsa kwanu kuja kwandisangalatsa, chifukwa zikuonetsa kuti mnyamatayo mwamukonda, mukumufunira zabwino. Madzulo ano ndikutumizirani chaputala chachisanu, ndi pomwe mtsikanayo akufika pa chipata mochedwa ndi maminitsi ochepa chabe, dala, kuti mnyamatayo apumeko, kenako akubwerera ku wodi n'kupeza bedi la pakona lazunguliridwa ndi madokotala. Mukawerenga mundiuze ngati mukufunabe kuti athawe.