Mumulole alowe, koma muwerenge kaye fomuyo

Amayi, mwafunsa ngati mumulole mwana wanu wa Fomu 3 kulowa mpikisano wa ndakatulo wolembetsa ndi K5,000. Ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa mwanayo ndi ndakatulo zakezo wandikumbutsa zomwe zinandichitikira mu 2023. Nanenso unali mpikisano wa bungwe lina lautumiki wachikhristu, mutu wake unali wa mwana wolowerera uja wa pa Luka 15. Ndinalemba nkhani yaifupi m'Chichewa, pa foni, usiku ndi usiku, moto ukatha ndimakatchajitsa kometetsa tsitsi pa msika. Atatiitana ku Blantyre kuti tikalandire mphotho, mayi anga anagulitsa ndowa ziwiri za kachewere kuno ku Ntcheu kuti ndipeze thiransipoti.

Tsikulo kunali kwaya, abusa anatipempherera, kenako ndinamva dzina langa: nambala 2. Anandipatsa Baibulo ndi chicheke chachikulu cha katoni cholembedwa K150,000, makamera ali ng'aning'ani. Ndinalira ndi chimwemwe. Nditangotsika pansanja, mnyamata wina wa suti anadzandilanda chichekecho, akuti ndalama zilowa pa foni Lolemba. Ku Wenela ndinakwera basi ndili ndi Baibulo ndi ndalama yokwerera basi yokhayokha. Kufika kwathu ndinapeza mayi akundidikira pamsewu ndi amayi anzawo a kumpingo, chifukwa chithunzi chinali chitazungulira kale pa Facebook. Nthungululu zokhazokha. Mayi anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti, "Wazisunga bwino?" Ndinangoyang'ana pansi.

Lolemba linadutsa, mwezi unatha. Ndinaimba mpaka mayunitsi kundithera. Tsiku lina bambo amene amayendetsa mpikisanowo anandiyankha kuti, "Mlongo, kodi mumalembera Ambuye kapena ndalama?" Mawu amenewo mpaka lero amandibaya. Ndinapempha ine ndalamazo? Si iwo eni ake anazilemba pa positala? Munthu wamkulu kubisala kumbuyo kwa dzina la Mulungu kuti mwana achite manyazi kufunsa zake! Luka yemweyo pa mutu 10 amati wantchito ayenera malipiro ake, koma ndime imeneyo anaidumpha. Anadzatumiza theka mu February 2024, kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu November, ndiye tangoganizani zimene ndalamayo inagula.

Chinandipweteka kwambiri nchakuti nkhani yanga anaisindikiza m'kabuku kamene amagulitsa pa misonkhano yawo, dzina langa osalembapo, anangoti "achinyamata athu". Nditadandaula anandionetsa fomu imene ndinasayina ndekha. Pansi penipeni, m'Chingerezi, panali mzere woti chilichonse chotumizidwa chikhala cha bungwelo. Sindinauwerenge nkomwe.

Komabe musamuletse mwanayo. Mumulole alowe. Ku mpikisano wanga uja nkomwe ndinakumana ndi mayi wina mphunzitsi, mmodzi wa oweruza, amene anandikonzera nkhaniyo mzere ndi mzere ndi bolopeni yofiira, ndipo mpaka lero ndikamaliza kulemba ndimamutumizira iye poyamba. Mabungwe ena achikhristu amachita zinthu mwachilungamo ndithu. Chachikulu, fomuyo muiwerenge inuyo, ndipo ngati pali mzere wolanda umwini wa ntchito ya mwana, mufunse musanasayine. Mujambule positala yonse pamene palembedwa mphotho. Ndakatulozo azitumize kaye pa imelo yake kapena yanu kuti tsiku lioneke, ndipo kope lolemba pamanja alisunge. Za umwini mukafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, ku Lilongwe, ndiwo amaona zimenezi kuyambira 1992, ndipo lamulo la Copyright la 2016 limateteza alembi ndi ojambula omwe, ngakhale ali ana. K5,000 yolembetsera mwatchulayo mufunse kuti ikupita kuti, ndipo akupatseni lisiti. Ndipo chonde, ngati angapambane, musauze abale kuchuluka kwa ndalamazo mpaka meseji italowa pa foni.