Webusaiti ndili nayo, koma foni siikulira

Funso: Ndimakhoma mipando ku Mchesi: masofa, mabedi ndi makabati. Chaka chatha mnyamata wina anandipangira webusaiti, ndinalipira ndalama zambiri ndithu, koma mpaka lero palibe amene anandiimbira kuti waona katundu wanga pamenepo. Kodi ndalama zanga zinangolowa m'madzi?

Yankho: Sizinalowe m'madzi ayi achimwene, koma webusaitiyo anaipanga ngati kuti makasitomala anu ali mu ofesi ku City Centre, pa kompyuta ndi intaneti ya abwana. Amene amagula bedi kwa inu ali mu minibasi ya ku Area 25, foni m'manja, ndipo nthawi zambiri bandulo yake ndi ya WhatsApp kapena Facebook basi. Munthu wotereyu akadina linki yanu siitseguka n'komwe. Amene ali ndi data ya intaneti yonse naye amaiumira.

Ndinaitsegula pa foni yanga. Ndinadikira mpaka tiyi kuzizira, chithunzi cha sofa chikutsika pang'onopang'ono ngati akuchikoka ndi chingwe. Vuto ndi zithunzi. Chithunzi chochokera pa kamera ya foni chimalemera 3 kapena 4 MB, ndiye mukaika 20 pa tsamba limodzi mwamudyera munthu 60 MB kapena kuposerapo asanaone n'komwe mtengo. Chilichonse chichepetsedwe chifike cha m'ma 200 KB. Njira yachidule ndi iyi: dzitumizireni chithunzicho pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, osati ngati document. WhatsApp imachichepetsa yokha, ndiye chimenecho n'chimene muike. Mukatero lembani adiresi ya webusaiti yanu pa PageSpeed Insights ya Google, ndi yaulere, muone mmene ikuthamangira pa foni.

Nambala yanu ya foni ndinaipeza pansi penipeni, yolembedwa ngati chithunzi, yosadinika. Pamwamba pa tsamba pakhale batani lotengera munthu ku WhatsApp yanu. Linki yake ndi wa.me/265 kenako nambala yanu mutachotsa 0 woyambayo. Ikani WhatsApp Business, nayonso ndi yaulere, mulowetse katundu yense mu catalog, ndiye kuti mndandanda wa zogulitsa umene uli momwemo, chilichonse ndi chithunzi chake, muyezo wake ndi mtengo wake. Catalog imeneyi ndi imene aione wa bandulo ya WhatsApp uja. Ndinene mosabisa, kwa bizinesi ngati yanu malonda ambiri atsirizikira pa WhatsApp, webusaiti ndi chikwangwani chabe cholozera anthu kumeneko.

Za mitengo ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ambiri timalakwitsa. Munthu wafunsa pa Facebook kuti "zingati?" ife n'kuyankha kuti "inbox". Ndikudziwa chifukwa chake: matabwa, siponji ndi vanishi zikukwera mwezi ndi mwezi, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso mukuopa kuti mnzanu wa pafupi aona mtengo n'kutsitsa wake. Koma mnzanuyo mitengo yanu amaidziwa kale, amene sakuidziwa ndi kasitomala. Lembani kuti "kuyambira pa" mtengo wakutiwakuti, muziusintha zinthu zikakwera. Lembaninso kuti mumalandira Airtel Money ndi Mpamba, dipoziti ndi zingati, bedi limatenga masiku angati, ndiponso ngati mumakaperekera katundu mpaka ku Area 49 kapena ku Likuni.

China chimene mnyamatayo anaiwala ndi Google Maps. Ku Lilongwe kuno timalondolerana ndi mawu akuti "mukadutsa chigayo mukhotere kumanja", ndipo ku Mchesi okhoma mipando ndi ondondozana, kasitomala wanu akhoza kuthera pa shedi ya wina. Tsegulani Google Business Profile, imene imaonetsa bizinesi yanu pa mapu a Google, salipiritsa. Poika chizindikiro pa mapu muime pakhomo penipeni pa shedi yanu. Nthawi zina amafuna kanema woonetsa malowo ndi chikwangwani kuti atsimikize, choncho dzina la bizinesi lilembedwe pakhoma. Aliyense wogula n'kukhutira mumupemphe alembepo ndemanga.

Mumufunsenso mnyamatayo kuti dzina la webusaitiyo analembetsa m'dzina la ndani. Limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo ndaonapo anthu akulitaya chifukwa wowapangira anasintha nambala, password n'kupita nayo.

Funso: Nanga kulipira Facebook kuti ionetse malonda anga kwa anthu ambiri, n'kothandiza?

Yankho: Kumathandiza, koma mukonze kaye zili pamwambazi. Pamafunika khadi la kubanki ngati la Visa lololedwa kulipira kunja. Posankha oti aone malondawo musankhe Lilongwe yokha, osati Malawi yense, poti wa ku Karonga sadzabwera kudzanyamula kabati ku Mchesi. Yambani ndi ndalama yochepa kwa sabata imodzi, chithunzi chimodzi chojambulidwa panja m'mawa kusanawale kwambiri, utuchi mutasesa, batani lake likhale la WhatsApp. Sabata ikatha musawerenge ma like, muwerenge anthu amene afunsa za dipoziti.