Chipinda cha Konkire cha Pansi pa Nthaka ku Lilongwe: Yankho kwa Bambo wa ku Likuni

Bambo wina wa kufupi ndi Likuni wandilembera imelo yofunsa ngati angathe kudzimangira yekha chipinda cha konkire cha pansi pa nthaka kuseri kwa nyumba yake. Akuti chaka chilichonse mbatata yake imawola kapena kuphuka asanaidye, magetsi amazimazima moti sangadalire filiji, ndipo waona pa YouTube anthu a ku America akumanga zipinda zotere zosungiramo mbatatesi, kaloti ndi maapozi, zomwenso amabisalamo kukabwera mphepo yamkuntho. Funso lake ndi lakuti akumbe mozama bwanji, agule simenti yochuluka bwanji, komanso ngati banja lake lingamathawiremo pa nthawi ya ngozi.

Bambo, chipindachi n'chotheka kumanga, koma sichidzakhala chofanana ndi chimene munaona pa kanema, ndipo ndikupemphani kuti musagule thumba la simenti ngakhale limodzi musanadziwe mmene madzi amayendera pansi pa poloti yanu.

Ndiyambe ndi kuzizira, popeza ndi kumene mukufuna kugula ndi ndalama zanu. Nthaka siipanga kuzizira kwake ayi. Chimene imachita n'kusunga kutentha kwapakati kwa chaka chonse cha dera limenelo, kotero kuti mukatsika mamita awiri kapena atatu, kusiyana kwa usana ndi usiku kumatheratu, ndipo kusiyana kwa Juni ndi Okutobala kumachepa kwambiri. M'mayiko amene kumagwa chipale, nthaka imazizira miyezi yambiri, ndipo m'nyengo yozizira chipinda chotere chimakhala pakati pa madigiri 0 ndi 5, zomwe n'zimene kaloti, kabichi ndi maapozi zimafuna. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo kutentha kwapakati pa chaka kumazungulira madigiri 20 kapena 21. Choncho chipinda chanu, ngakhale mutachimanga mwaluso chotani, chidzakhala chapafupi ndi pamenepo. Masana a Okutobala, kunja kukapitirira madigiri 30, mudzamva kuziziritsa bwino mukalowamo, koma nyama, mkaka, nsomba yaiwisi ndi masamba sizidzasungika mmenemo.

Izi sizikutanthauza kuti ntchitoyi ndi yachabe, chifukwa mbatata ya kholowa siifuna kuzizira kwa filiji. Imasungika bwino pakati pa madigiri 13 ndi 16 pamalo achinyezi, ndipo ikazizidwa mpaka pansi pa madigiri 10 imawonongeka mkati. Mwayi wathu ndi wakuti timakumba mbatata kuyambira Epulo mpaka Juni, pomwe nyengo yachisanu ikuyamba, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kuno kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsika pang'ono. Mukamatsegula mapaipi a mpweya usiku n'kuwatseka masana, makoma ndi dothi lozungulira zimagwira kuzizira kuja, ndipo chipinda chimatsika ndi madigiri angapo kufikira kutentha kwa Sepitembala kutayamba. Ndi nzeru yomweyo imene makolo athu ankagwiritsa ntchito pokumba nkhuti pamthunzi, kuyala udzu wouma, kuwaza phulusa ndi kusanja mbatata yopanda zilonda. Ndinganene mosabisa kuti ngati mumakolola matumba atatu kapena anayi okha, nkhuti yokonzedwa bwino ikukwanirani, ndipo konkire ingokudyerani ndalama.

Mbatatesi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu ikhoza kukhalamo miyezi iwiri kapena itatu isanayambe kuphuka, ndipo mdima udzaiteteza kuti isabiriwire. Maungu okhwima, okhala ndi phesi lake, amasungikanso ngati mwawaika pa mashelefu osagundana. Chinangwa chimayamba kuda patangopita masiku awiri kapena atatu chikumbidwire, choncho chisiyeni m'munda kapena muchiumitse. Anyezi amafuna mpweya wouma, malo ake ndi pakhonde. Koma chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kuikamo chimanga ndi mtedza. Chimanga chimafunika kuuma kufika pa chinyezi cha 13 peresenti ndi kukhala chouma choncho, pamene chipinda cha pansi pa nthaka chimakhala chonyowa mwachibadwa. Chinyezi ndi kufunda zikakumana pa chimanga ndi mtedza pamamera chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike nsima motani. Chimanga chanu chisungeni pamwamba, m'matumba osalowa mpweya a PICS, pa mathabwa otalikirana ndi khoma.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ndi yaikulu kuposa zonse. Mvula ya ku Lilongwe imagwa pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo m'malo ambiri, makamaka oyandikana ndi madambo ndi mitsinje monga Lilongwe, Lingadzi ndi Likuni, madzi a pansi amakwera kwambiri mu Febuluwale ndi Malichi. Dzenje limene limaoneka louma gwa mu Okutobala likhoza kusanduka chitsime m'dzinja. Njira yodziwira ndi yotchipa: kumbani dzenje laling'ono loyesera, lakuya kuposa pamene mukufuna kuti pansi pa chipinda padzafike, mulivindikire molimba kuti ana ndi ziweto asagweremo komanso kuti madzi othamanga asalowemo, ndipo muzisuzumiramo sabata iliyonse dzinja lonse. Funsaninso anansi amene ali ndi zitsime kuti madzi amafika pati mvula ikachuluka, ndiponso amene amakumba zimbudzi m'dera lanulo, chifukwa iwo amadziwa nthaka ya m'mudzimo kuposa wina aliyense. Dothi likakhala lofiira la katondo ndiye kuti madzi amadutsa bwinoko. Likakhala lakuda la makande, lomwe limafufuma likanyowa n'kung'ambika ming'alu likauma, kapena lotuwa lokhala ndi mawanga ngati dzimbiri, dziwani kuti pamenepo pamakhala madzi ndipo pasakumbidwe.

Anthu ambiri amaganiza kuti konkire yokhuthala imathetsa vuto limeneli, koma madzi ali ndi mphamvu imene sitiiganizira. Madzi odzaza malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya amalemera tani imodzi. Chipinda cha mamita 2 ndi 3 mkati, tikawerengera makoma, pansi ndi denga, chimatenga malo a madzi olemera matani pafupifupi 20, ndipo nthaka ikakhuta madzi mpaka pamwamba, mphamvu yonseyo imakankha chipindacho kuchokera pansi, monga mmene beseni lopanda kanthu limakanira mukalikankhira m'madzi. Pansi popyapyala pamasweka, ndipo madzi amayamba kulowa pamene khoma linakumana ndi pansi. Mankhwala enieni ndi kuwapatsa madzi njira yochokera: paipi yoboolaboola yozungulira maziko, yokwiriridwa m'miyala ya kwale, yotsetsereka kukatulukira pamalo otsika kuposa pansi pa chipinda. Vuto ndi lakuti Lilongwe ndi wathyathyathya ndipo mapoloti ambiri alibe kutsetsereka kotere, pamene pampu ya magetsi idzakusiyani pa usiku womwewo wa mvula yamphamvu pomwe magetsi amakonda kuzima.

Chifukwa cha zimenezi, malangizo anga ndi akuti mumange chipinda cholowa m'nthaka theka lokha. Mukumbe mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi zimene dzenje loyesera lakuuzani, makoma atulukire pamwamba, kenako dothi limene munakumbalo mulikokere m'makoma ndi padenga kuti pakhale kachulu, mubzalepo kapinga. Mudzapeza kuzizira kofananako, makamaka pakakhala mthunzi, mudzatalikirana ndi madzi a pansi, ndipo kukumba kwake kudzakhala kosaopsa. Dzenje likapitirira mamita 1.2, mbali zake ziyenera kupendekeka kapena kuchirikizidwa ndi mathabwa, popeza dothi la mita imodzi mbali zonse limalemera kupitirira tani ndi theka, ndipo munthu likamukwirira mpaka pachifuwa amalephera kupuma anzake asanamufukule. Dothi lokumbidwa muliunjike patali ndi m'mphepete mwa dzenje, ndipo munthu asagwire ntchito mmenemo ali yekha. Malowo atalikirane ndi maziko a nyumba ndi mpanda, mitengo ikuluikulu, ndiponso chimbudzi kapena thanki ya zonyansa. Kukumba kuyambe mu Meyi kapena Juni kuti mudzamalize mvula isanabwere. Ngati poloti yanu ili m'malire a mzinda, mapulani ayenera kuvomerezedwa ndi Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe, ndipo mufufuze kumene kwadutsa mapaipi a Lilongwe Water Board ndi mawaya a ESCOM piki isanagunde pansi.

Pa funso lakuti mungamange nokha, yankho langa lili pawiri. Kukumba, kusakaniza konkire, kupaka phula, kukwirira ndi kupanga mashelefu mungachite nokha ndi mmisiri mmodzi wodziwa ntchito. Koma kukula kwa zitsulo za m'makoma ndi m'silabu ya denga, pamodzi ndi katalikidwe kake, akuwerengereni injiniya wovomerezeka, ndipo abwere kudzaona zitsulozo zitamangidwa konkire isanathiridwe. Silabu yokhuthala masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse, ndipo mukaikapo dothi lonyowa lokhuthala theka la mita mwawonjezera pafupifupi tani ina. Pa chipinda cha mamita 2 ndi 3, ndiye kuti pamutu pa mwana amene mwamutuma kukatenga mbatata pali matani pafupifupi 8. N'chifukwa chake m'lifupi musapitirire mamita 2. Mukafuna malo ambiri, talikitsani m'litali.

Pansi payambe miyala ya kwale yotsenderedwa bwino, pamwamba pake pepala lakuda lapulasitiki lokhuthala, kenako silabu ya zitsulo, ndipo zitsulo zina zitulukire m'mphepete kuti zidzalumikizane ndi makoma. Makoma akhale a konkire yothira m'mathabwa yokhuthala masentimita 20, kapena a mabuloko abowo amene mwalowetsamo zitsulo n'kudzazamo konkire. Njerwa zootcha zosanja popanda chitsulo zimamwa madzi ndipo dothi lonyowa limazikankhira mkati. Muyezo wabwino wa ntchito yotere ndi gawo limodzi la simenti, gawo limodzi ndi theka la mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi magawo atatu a kwale, zomwe zimadya matumba pafupifupi 8 a makilogalamu 50 pa kiyubiki mita imodzi. Chipinda chonse cha kukula kumene ndatchula, chikakhala cha konkire yokhayokha, chidzafuna matumba oyandikira 60. Amisiri ambiri amakonda kuthira madzi ochuluka kuti konkire iziyenda mosavuta m'wilibala, ndipo apa mukhale maso, chifukwa madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo momwe chinyezi chidzadutsire. Thumba limodzi lisapitirire malita pafupifupi 25, ndipo konkire itsinyidwe bwino kuti isasiye mapanga. Zitsulo zikwiririke ndi konkire ya masentimita 4 kapena 5 kumbali yokhudza dothi kuti zisachite dzimbiri. Mukathira, muzinyowetsa kwa masiku osachepera 7, mitengo yochirikiza denga ikhalepo milungu itatu, ndipo dothi lisakwere padenga masiku 28 asanakwane. Kunja kwa makoma mupake phula kawiri kapena katatu, muphimbe ndi pulasitiki, kenako mukwirire pang'onopang'ono mbali zonse mofanana.

Mpweya musaunyozere. Pakhale mapaipi awiri a mamilimita 110, imodzi yotsika mpaka pafupi ndi pansi yolowetsa mpweya, ina yoyambira kudenga kumbali inayo yotulutsa mpweya wofunda, zonse zopindikira pansi kunja kwake ndi zotchingidwa ndi waya wa sefa kuti makoswe ndi njoka zisalowe. Mbatata ndi yamoyo ndipo imapuma, kutulutsa mpweya wa carbon dioxide umene ndi wolemera ndipo umakhazikika pansi, ndipo ikayamba kuwola vutoli limakula. Chitseko chikakhala chotseka kwa masiku ambiri, chitseguleni kaye kwa kanthawi musanatsike, ndipo mukatsitsa kandulo n'kuona ikuzima, musalowemo. Mbaula, jenereta ndi mapiritsi ofukizira nankafumbwe zisalowe m'chipindachi mpang'ono pomwe, chifukwa utsi wa makala ndi mpweya wa mapiritsiwo zimapha munthu pamalo otsekeka. Chitseko chizitsegukanso kuchokera mkati, khomo likhale ndi chipupa chokwera chotchinga madzi othamanga, ndipo masitepe akhale ndi kadenga kake.

Zothawiramo banja ndiye ndikukukanizani. Anthu a m'chigawo chapakati cha America amabisala pansi chifukwa cha akamvuluvulu oopsa amene amagumula nyumba m'mphindi zochepa n'kudutsa. Ngozi zathu ndi zina. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu ambiri m'chigawo cha kummwera kudzera m'madzi osefukira ndi matope otsika m'mapiri monga la Soche. Pa ngozi zotere chipinda cha pansi ndi chimene chimayamba kudzaza, ndipo chitseko chikapanikizidwa ndi madzi kapena matope sichitseguka. Chivomezi nachonso, monga cha ku Salima cha 1989 ndi cha ku Karonga cha 2009, sichipereka nthawi yothamangira kuseri kwa nyumba. Ngati nkhawa yanu ndi mphepo imene imasasula madenga kumayambiriro kwa dzinja, ndalamayo ipite pa kumangirira denga ku ring'i bimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma) ndi waya wolimba kapena zitsulo, kukhoma malata ndi misomali yokwanira, ndi kudula nthambi zazikulu zimene zaweramira nyumba.

Dzinja likubwerali likhale loyang'anira dzenje loyesera, ndipo muzilemba tsiku ndi kuya kwa madzi nthawi iliyonse mwasuzumiramo, chifukwa injiniya adzafuna manambala amenewo posankha kuya kwa chipinda. Mbatata ya chaka chino ikumbeni mosamala kuti isatemeke, muisiye pamthunzi pofunda itaphimbidwa kwa masiku anayi mpaka sabata kuti khungu lipole, musankhe yopanda zibowo za tizilombo, n'kuiika mu nkhuti. Mukadzandilemberanso mu Epulo, mundiuze mtundu wa dothi, pamene madzi anafika, ndi kumene poloti yanu yatsetserekera.